Kodi Khirisimasi imatha liti? Katsitsidwe ndi kasungidwe ka zokongoletsa kuno ku Mangochi

Pakhomo pathu funsoli limabwera chaka ndi chaka, kawirikawiri pa 27 Disembala m'mawa. Alendo a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amene anabwera kudzasamba m'nyanja ayamba kumanga katundu, mpunga wa chikondwerero watha m'poto, ndiye wina amakweza maso kudenga n'kufunsa kuti, "Kodi mabaluniwa tichotse?" Malemu mayi anga sankachedwa kuyankha: "Mwana wabadwa dzana, inu mukufuna kusesa kale?"

Ndathandiza kukongoletsa nyumba yathu ndi tchalitchi chathu kwa zaka zambiri, ndipo ndaona anthu akuphonya mbali ziwiri. Ena amagwetsa zonse pa 26 Disembala ngati kuti chikondwerero chinali cha tsiku limodzi. Ena amazisiya mpaka Pasaka, maliboni atachita fumbi, akangaude atamangapo, ntchentche zitadetsa nyenyezi imene inkawala. Zonse ziwiri zimandiwawa, chifukwa nyengoyi ili ndi poyambira ndi pothera pake, komanso zokongoletsazo timagula ndi ndalama ya thukuta.

1. Tengani kalendala musanatenge makwerero

Masitolo a pa boma amayamba kuyatsa timagetsi tothwanima mu Novembala, ndipo Chaka Chatsopano chikangodutsa amatsitsa kuti aikepo makope ndi mayunifolomu a ana asukulu. Imeneyo ndi kalendala ya malonda, ndipo kwa wamalonda ndi yolondola. Musaitengere kunyumba.

Pa kalendala ya mpingo, masabata a kumayambiriro kwa Disembala si Khirisimasi ayi. Ndi Adiventi, nyengo yodikira, yomwe ili ndi masiku a Lamulungu anayi. Khirisimasi yeniyeni imayamba madzulo a pa 24 Disembala. Ndiye kuti pa 26, pamene ena ayamba kale kumatula mapepala kukhoma, ndi tsiku lachiwiri chabe.

Masiku 8 oyambirira amawerengedwa ngati chikondwerero chimodzi chachitali. Pa 26 timakumbukira Stefano, woyamba kufera chikhulupiriro. Pa 27 ndi tsiku la Yohane mtumwi, pa 28 la ana a ku Betelehemu amene Herode anapha. Lamulungu logwera m'masiku amenewa ndi la Banja Loyera. Tsiku la 8 ndi pa 1 Januwale, lomwe malinga ndi Luka 2:21 mwanayo anaumbalidwa n'kupatsidwa dzina loti Yesu. Akatolika amalemekeza Maria, Amayi a Mulungu, pa tsikuli. Ife a kuno masiku amenewa ali ndi mbiri yathuyathu: kunali kumapeto kwa Disembala 1889 pamene ansembe a White Fathers anafika kwa Mponda, m'mbali mwa Shire, kudzayesa kukhazikitsa mishoni yoyamba ya Chikatolika m'dziko muno. Sanakhalitse, anachoka mu 1891, koma ndikamadutsa kwa Mponda sabata imeneyi ndimawakumbukira.

Lamulo loyamba ndi lophweka: Januwale asanalowe, musatsitse kanthu kamene kali bwino.

2. Dziwani masiku atatu amene akhristu amatsekera nyengoyi

Baibulo silinena tsiku lochotsera zokongoletsa. Chimene tili nacho ndi mwambo wa mpingo, ndipo mwambowo watipatsa masiku atatu.

Loyamba ndi 6 Januwale, tsiku la Epifaniya, pamene timakumbukira anzeru a kum'mawa amene anabwera ndi golide, lubani ndi mure monga tiwerenga pa Mateyu 2. Msonkhano wa maepiskopi umene unachitikira ku Tours, ku France, mu 567 unatchula masiku a pakati pa Khirisimasi ndi Epifaniya kuti ndi nyengo ya chikondwerero, ndipo ndi amene anthu amawatcha masiku 12 a Khirisimasi. Mukayamba kuwerenga pa 25 Disembala, tsiku la 12 limakhala pa 5 Januwale. Mukayamba pa 26, mufika pa 6. N'chifukwa chake mumva ena akuti tsitsani usiku wa pa 5, ena akuti pa 6. Kusiyana kwawo ndi poyambira kuwerenga basi. Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu. Mpingo wa Katolika umalola kuti m'maiko amene 6 Januwale ndi tsiku la ntchito, Epifaniya isunthidwire Lamulungu la pakati pa 2 ndi 8 Januwale kuti akhristu ambiri apezekepo. Mu 2026 Lamulungu limenelo ndi pa 4 Januwale, mu 2027 ndi pa 3.

Lachiwiri ndi tsiku la Ubatizo wa Ambuye. Pa kalendala imene Akatolika akhala akutsata chiyambire pamene inakonzedwanso mu 1969, apa ndi pamene nyengo ya Khirisimasi imathera. Limakhala Lamulungu lotsatira 6 Januwale: pa 11 Januwale mu 2026, pa 10 Januwale mu 2027. Koma Epifaniya ikagwera pa 7 kapena pa 8, Ubatizo umakumbukiridwa mawa lake Lolemba, monga zinachitikira mu 2024 pamene unali pa 8 Januwale. Ngakhale simunaone kalendala, maso adzakuuzani: wansembe akavula zoyera n'kuvala zobiriwira, Khirisimasi yatha, nyengo wamba ya pachaka yayamba.

Lachitatu, lomwe ine ndimalikonda kwambiri, ndi 2 Febuluwale. Werengani pa zala: masiku 7 a Disembala kuyambira pa 25, masiku 31 a Januwale, ndi awiri a Febuluwale, pamodzi 40. Chilamulo cha pa Levitiko 12 chinkati mayi amene wabereka mwana wamwamuna akhale masiku 7 ndi ena 33 asanapite ku malo opatulika. Atakwana masikuwo, Maria ndi Yosefe anapita ndi khanda lija ku Kachisi ku Yerusalemu atatenga nsembe ya anthu osauka, mbalame ziwiri, ndipo kumeneko anakumana ndi Simeoni ndi Anna. Mmalawi safunika kumufotokozera zambiri pamenepa. Tikudziwa kuti mwana akabadwa sathamangira naye pabwalo. Amayamba wakhala m'chikuta, ndipo tsiku lotuluka ndi tsiku lakelake. Pa 2 Febuluwale mpingo umadalitsa makandulo chifukwa Simeoni anatcha mwanayo kuwala kounikira mitundu ya anthu. M'maiko ena, monga Poland ndi Mexico, mabanja ambiri amasunga khola la Khirisimasi mpaka tsikuli. Musaope kuti lilowerera mu Lenti: Lachitatu la Phulusa, tsiku loyamba la Lenti, silingabwere 4 Febuluwale asanakwane.

Mwina munamvapo kuti kusiya zokongoletsa kupitirira pa 6 Januwale kumaitana tsoka. Chimenecho ndi chikhulupiriro cha ku England, sichichokera m'Malemba kapena m'chiphunzitso cha mpingo uliwonse. Akhristu a Orthodox a ku Ethiopia amakondwerera kubadwa kwa Yesu pa 7 Januwale, ubatizo wake pa 19. Ife tikamatsitsa, iwo akungoyamba kumene. Tsiku musankhe ndi mtima wokhazikika, osati ndi mantha.

3. Gwirizanani tsiku, ndipo mulilembe

Ngati ndi zokongoletsa za m'tchalitchi, tsiku simusankha nokha. Funsani bambo mfumu, abusa, akatekisiti kapena akuluampingo. Akatolika ambiri amatsitsa Ubatizo wa Ambuye ukadutsa. Ku Anglican, kaya ku Malindi kaya kwa Mponda, mudzamva za 6 Januwale komanso za 2 Febuluwale, chifukwa masiku onsewa ali pa kalendala yawo. M'mipingo imene sitsata kalendala yotereyi mwatsatanetsatane, akuluakulu amangogwirizana, kawirikawiri mapemphero olowera chaka chatsopano akatha.

Ngati ndi kunyumba, maganizo anga ndi awa: tsitsani kawiri. Mapepala, maliboni, timagetsi ndi mtengo zitsike pa Ubatizo wa Ambuye kapena Loweruka loyandikira. Khola lokha, lokhala ndi mwana, Maria ndi Yosefe, litsale pakona mpaka pa 2 Febuluwale. Ndimatero pa zifukwa ziwiri. Mapepala sapirira chinyezi cha Januwale wa kuno. Mukawasiya masabata asanu mudzatsitsa nsanza. Komanso Januwale ndi mwezi wolemera m'nyumba zambiri, fizi ikufunika, feteleza wobereketsa akufunika, ufa m'thumba watsika. Nyumba kuivula zonse tsiku limodzi imachita zii. Kakhola kaja kakatsala, ana amakhalabe ndi poyang'ana.

Lembani tsikulo pa kalendala ya kukhoma ndipo muuze onse. Ntchito imene ilibe tsiku ndi imene imafika Pasaka.

4. Podikira tsikulo, chotsani zakufa zokha

Mabaluni sakhalitsa pa kutentha kwa kunyanja kuno. Amene afota kapena kuphulika achotseni tsiku lomwelo, ndipo zidutswa zake mutole zonse. Mwana wokwawa akaika kachidutswa m'kamwa kangathe kumutsamwitsa, ndipo mbuzi nazo zimameza. Maluwa a m'botolo akafota tayani, madziwo mukhuthule asanasanduke moswera udzudzu. Ngati munaika nthambi yaiwisi ndipo yauma, ichotseni pafupi ndi pamene mumayatsa kandulo magetsi akazima. Masamba ouma a paini kapena mkungudza sachedwa kugwira moto.

M'masiku omwewa muli kantchito kena kosangalatsa ana. Anzeru a kum'mawa musawaike m'khola pa 25. Ayambire patali, pawindo kapena pa kabati, ndipo tsiku lililonse mwana mmodzi aziwasendeza pang'ono mpaka adzafike pa Epifaniya. Mwana amene wayendetsa ngamila masiku 12 sadzafunsanso ngati Khirisimasi yatha pa 26.

5. Tsiku lotsitsa, yambani m'mawa ndipo yambani ndi magetsi

Ino ndi nyengo ya dzinja. Kawirikawiri dzuwa limawala m'mawa, mitambo n'kusonkhana masana. Yalani mphasa pakhonde pamene mvula singafike, konzani nsanza youma, makatoni, nyuzipepala zakale ndi ndowa yosungiramo. Mukaona kuti kwacha ndi mvula yamvumbi, sinthani tsiku. Kulongedza zinthu zachinyezi n'chimodzimodzi kuzitaya.

Musanazule timagetsi, tiyatseni komaliza muone ngati tonse tikuyaka. Chingwe chimene chafa chiikeni pachokha tsopano, kuti musadzachitulukire pa 24 Disembala madzulo masitolo atatseka. Kenako zimitsani pa soketi, zulani pulagi, ndipo manja akhale ouma. Musadalire kuti magetsi azima. Angathe kuyaka muli pa makwerero, waya wosupuka ali m'manja. Timagetsi ta panja timakhala titadzaza mapiko a ngumbi ndi tizilombo tina tobwera ndi kuwala, choncho pukutani ndi nsanza youma musanapinde. Dulani katoni kukula ngati chikhatho, chekani kampata mbali imodzi, kolekani pulagi pamenepo n'kukulunga chingwe mozungulira. Chingwe chilichonse chikhale ndi katoni yake. Mukangozipiringiza pamodzi, chaka chamawa mudzadula waya pomasula.

Ngati ndi timagetsi ta mabatire, tulutsani mabatirewo. Akakhalitsa m'kati amatuluka madzi amene amadya tizitsulo, ndipo nyaliyo siyakanso. Ta sola pukutani galasi lake, tiumitseni bwino.

6. Mapepala, maliboni ndi khoma

Wina akwere, wina alandire pansi, wina agwire makwerero kapena mpando. Matulani selotepi pang'onopang'ono, moikokera pansi motsata khoma, osati moikokera kwa inu, makamaka ngati khomalo ndi la laimu kapena nyumbayo ndi ya lendi. Ndinakhalapo m'nyumba ina imene tinamatula mothamanga, laimu n'kuchoka zigambazigamba, ndipo potuluka tinalipira kupakanso chipinda chonse. Misomali ndi mapini muike m'kabotolo nthawi yomweyo, chifukwa ana kuno amayenda opanda nsapato.

Kung'unthani fumbi, yanikani pamthunzi kwa ola limodzi kapena awiri. Padzuwa lenileni mapepala ofiira amasuluka msanga. Zopindika zipindeni motsata mizere yake yakale, muziike pakati pa makatoni awiri. Zong'ambika kotheratu musasunge chifukwa cha chisoni. Koma zonyezimira za pulasitiki musazitaye kudambo, mu Shire kapena m'nyanja: siziola, ndipo madzi amenewo ndi amene amatipatsa chambo ndi usipa. Zikwirireni m'dzenje la zinyalala.

7. Mtengo

Wa pulasitiki upukuteni, pindani nthambi mozikweza m'mwamba, mumange ndi chingwe m'malo awiri kapena atatu, muulowetse m'thumba la ufa loyera ndi louma. Miyendo yake mangirirani ku thunthu. Ndiyo imasowa chaka chilichonse.

Ngati munagwiritsa ntchito kamtengo kamoyo ka m'chitini, mwachita bwino kuposa tonse. Katulutseni kakhale pamthunzi masiku angapo kuti kazolowere kunja, kenako mukadzale nthaka ikadali yonyowa. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndiye muli m'kati mwake. Tchingirani ndi minga kapena njerwa, apo ayi mbuzi zikamaliza tsiku lomwelo.

8. Khola, pa 2 Febuluwale

Ili musalichite mothamanga ngati mukusesa. Kwathu timasonkhana madzulo, timayatsa kandulo, mmodzi amawerenga Luka 2 kuyambira ndime 22 mpaka 38, timaimba nyimbo imodzi ya Khirisimasi komaliza, ndipo wamng'ono pa onse ndiye amanyamula chifanizo cha mwana kukapereka kwa agogo kuti akulunge. Mwambo womanga khola anauyambitsa Fransisko wa ku Assisi pa mudzi wa Greccio mu 1223, ndipo cholinga chake chinali chakuti anthu wamba aone ndi maso umphawi umene Yesu anabadwiramo. Ndimaona kuti n'koyenera kulitsitsa ndi ulemu womwewo.

Udzu ndiwo ufunika kusamala. Wakhala pakona masabata asanu kapena asanu ndi umodzi, ndipo kuno udzu wotero umasunga zinkhanira ndi mphemvu. Musalowetsemo manja. Yambani mwachotsa zifanizo, kenako kankhani udzuwo ndi ndodo, muunyamulire panja pa fosholo kapena pa lichero lakale. Musausunge, chaka chamawa udzu udzapezeka. Uponyeni m'dzenje la manyowa.

Zifanizo zoumba ndi dothi kapena za pulasitala musazitsuke ndi madzi, utoto umachoka. Pukutani ndi nsanza youma kapena nthenga ya nkhuku. Chilichonse chikulungeni pachokha m'kansalu ka chitenje chakale, mutu ndi manja mokulungiza kawiri, chifukwa ndi zimene zimathyoka. Zosema za mtengo ziyang'aneni pansi: mukaona timabowo ndi ufa, afumbwe alowa, ndipo chimenecho chiikeni padzuwa tsiku lonse, musachisakanize ndi zinzake mpaka ufawo utasiya kutuluka. Werengani: abusa angati, nkhosa zingati, anzeru atatu alipo onse. Chothyoka chimateni tsopano pamene chidutswa chake chikadalipo.

9. Posungira

Apa ndi pamene ambiri timaluza. Katoni yoikidwa pansi kapena yotsamira khoma la zidina ndi chakudya cha chiswe, ndipo chiswe cha dzinja sichifuna mwezi kuti chimalize. Chimene chiswe chasiya, chuku ndi makoswe amatsiriza.

Gulani ndowa ya pulasitiki ya chivundikiro chothina, ya malita 20, ngati zimene amayi amasungiramo ufa. Itsukeni, iume kotheratu. Pansi ikani zolemera, zifanizo zokulungidwa zija, pakati timagetsi, pamwamba mapepala. Ine ndimaikamo masamba a nimu ouma bwino okulungidwa m'kapepala, monga amachitira ena posunga mbewu. Aiwisi musaike, amabweretsa chinyezi chimene mukuthawacho. Makandulo asalowe m'ndowa imeneyi. Kutentha kwa Okutobala kuno kumawafewetsa n'kuwapinda, ndipo phula likamatirira pa nsalu ndi pa mapepala silichoka. Pa chifukwa chomwecho ndowayo musaikweze pafupi ndi malata, komanso isakhale kukhitchini kumene kuli utsi. Pa thandala kapena pamwamba pa kabati m'chipinda chozizirirapo ndi pabwino.

Pa chivundikiro matani pepala lolembapo zimene zili m'kati ndi zimene zikusoweka: chingwe chimodzi chafa, nyenyezi yathyoka nsonga, nkhosa imodzi yasowa. Zosowekazo mugule pakati pa chaka mukapeza kangachepe, osadikira Disembala pamene aliyense akuzifuna.

10. Bwezani za eni ake

Khirisimasi ya kuno siyenda popanda kubwereka. Mipando, miphika ikuluikulu, chingwe cha magetsi chachitali, nsalu zotchingira kuguwa. Ambiri a ife oyandikana nawo ndi Asilamu, ndipo ndi iwo amene amatibwereka mphika pa Khirisimasi monga ife timawabwereka pa Eid. Bwezani sabata isanathe, chotsukidwa, ndipo mupite nokha kukathokoza, musangotuma mwana. Mawu oti "Zikomo amayi, mphika wanu unatithandiza" ndi amene adzakutsegulireni khomo chaka chamawa.

Za kutchalitchi zilembedwe m'kaundula, zisungidwe malo amodzi, ndipo kiyi akhale ndi munthu wodziwika. Mphakati kapena gulu limene linakongoletsa ndi lomwelo litsitse, chifukwa ndi limene likudziwa pamene linakhoma misomali. Nsalu zichapidwe, ziume, zisitidwe zisanapindidwe. Nsalu yoyera yosungidwa ndi dontho la phula kapena chinyezi imatuluka ndi mawanga akuda osachoka.

Mvula ikatha, cha mu Juni, tsegulani ndowa ija tsiku limodzi la dzuwa, muyang'ane ngati mwalowa chinyezi kapena tizilombo, muiumitse n'kutsekanso. Mukatero simudzaikhudzanso mpaka Lamulungu loyamba la Adiventi, lomwe mu 2026 ndi pa 29 Novembala.